Chovala cha ku chikondwerero cha Tewkesbury: tigule kapena tisiye?

Make Tadala: Abale, ndipatseniko nzeru. Tadala sakundigonetsa tulo, akuti mu Julaye tipite ku chikondwerero cha ku Tewkesbury, tawuni ya ku England, kumene amachita sewero la nkhondo yakale, ndipo akufuna chovala cha msilikali wakale, chisoti, chishango ndi lupanga lathabwa. Pa intaneti ndapeza zonse pamodzi mapaundi 45. Ndigule?

NaBanda: Ayi mayi, musawononge ndalama. Chikondwererocho n'cha Loweruka ndi Lamulungu basi, ndipo pofika chaka chamawa chovalacho chidzakhala chitamuthina. Kulowa n'kwaulere, amangoyendetsa zidebe zoti muponyemo kangachepe. Ndalamazo sungirani sitima ndi chakudya. Siteshoni ya Ashchurch ili kunja kwa tawuni, mudzafunikanso basi kapena takisi.

Aphiri a ku Gloucester: NaBanda, inu mukuwerengera masiku, koma mwanayo akufuna kulowa m'nkhani. Pamalo pomwepo panachitika nkhondo yeniyeni pa 4 Meyi 1471. Mfumu Edward IV wa banja la York anagonjetsa a banja la Lancaster, amene ankamenyera Mfumukazi Margaret ndi mwana wake Edward. Mnyamatayo anafa tsiku lomwelo ali ndi zaka 17, ndipo anaikidwa m'tchalitchi chachikulu cha m'tawunimo. Dambo lina kumeneko mpaka lero amalitcha Bloody Meadow chifukwa cha magazi amene anakhetsedwa anthu akuthawa. Mwana akaima pamenepo ndi chishango chake, mbiri imeneyo saiwalanso.

NaBanda: Achimwene, mbiri imalowa m'makutu, sidikira chisoti cha pulasitiki.

Aphiri a ku Gloucester: Kkkk mwandipeza. Komabe onani mmene chinayambira. M'zaka za m'ma 1980 anali anthu ochepa a m'tawuni momwemo, timisika towerengeka, tenti ya mowa ndi kankhondo koyerekeza. Pano ochita sewerolo amachokera m'maiko osiyanasiyana, amagona m'matenti, kuphika pa nkhuni, kusula zitsulo anthu akuona. Chakula chifukwa anthu amabwera kudzachita nawo, osati kungoonerera.

Gogo wa ku Bristol: Ine ndinapitako ndi adzukulu. Wamkuluyo ndinamugulira chovala chonse, koma dzuwa litakwera anavula, thukuta lili kamukamu, n'kundisenzetsa ine tsiku lonse. Chimene sanachisiye m'manja ndi lupanga. Ndipo ana ambiri kumeneko amangovala zawamba, palibe amene amawaseka.

Make Tadala: Ndiye lupanga lokha, agogo?

Gogo wa ku Bristol: Lupanga ndi chishango, koma mukagule komweko kumsika wa pachikondwererocho, asankhe yekha atagwira m'manja. Za pa intaneti chithunzi chimanama. Malayawo sokani nokha, ndi nsalu yongoboola pakhosi n'kumanga lamba m'chiuno. Mwaiwala zosoka za kusukulu?

NaBanda: Apo ndavomera. Koma Loweruka madzulo amaonetsa mmene anatulutsira akuluakulu a Lancaster amene anabisala m'tchalitchi, kuwaweruza n'kuwadula mitu. Tadala ali ndi zaka zingati?

Make Tadala: Zisanu ndi zitatu. Zimenezo n'zimene akuzifunitsitsa kuposa nkhondoyo! Nsalu yofiira ndili nayo kale m'sutikesi, koma makina anga anafa.

Aphiri a ku Gloucester: Mayi akunyumba ali nawo. Bwerani Loweruka likubwerali, ndipo mubwere ndi Tadala yemwe kuti amuyeze.