Bere latupa ndi kutentha, koma mafinya palibe

Clinical officer: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Mayi wa zaka 41, sakuyamwitsa. Bere lakumanzere latupa kwa milungu isanu, likutentha, khungu ladererako ndipo lachita timaenje ngati khoko la lalanje. Chotupa sindikuchipeza, koma kukhwapa kuli mwanabere wolimba. Wamwa mankhwala opha mabakiteriya a cloxacillin masiku 10 osasintha. Nding'ambe?

Dokotala wa opaleshoni: Musang'ambe achimwene, pokhapokha sikani ikaonetsa mafinya. Kwa mayi wosayamwitsa amene mankhwala sanamugwire, ganizirani khansa ya m'bere yotchedwa inflammatory, yomwe imatupitsa ndi kutenthetsa bere. Maselo a khansa amatseka timitsempha ta lymph ta pakhungu, madzi n'kumaunjikana, ndiye kutupako. Mukang'amba, bala silipola msanga ndipo chemo (mankhwala a khansa) imachedwa. Pakhungu lakuda kufiira sikuoneka bwino, choncho yerekezani ndi bere linalo pamalo owala.

Namwino wa ku ART: A dokotala, nanga TB ya m'bere? Ngati ali ndi HIV isaiwalike. Mafinya akapezeka, ena apite ku GeneXpert, makina oyezera TB.

Dokotala wa opaleshoni: Zoona a sisitala, ayezedwe HIV. Koma asayambe mankhwala a TB mongoganizira, miyezi isanu ndi umodzi ingotha khansa ikufalikira.

Wa ku pathology (labotale yoyeza tinyama ta m'thupi): Tengani punch biopsy (kachidutswa ka khungu kokayeza) pamalo awiri pomwe khungu lakhuthala kwambiri, komanso core biopsy (kanyama kotengedwa ndi singano yaikulu) ya mkati mwa bere kapena ya mwanabere. FNA (kukoka maselo ndi singano yopyapyala) yokha siyokwanira. Zomwe mwatengazo zilowe mu formalin (mankhwala osungira kanyama) wa 10% ola lisanathe, formalin achuluke kakhumi kuposa kanyamako, ndipo zikhalemo maola 6 mpaka 72. Zikagonera nthawi yaitali, zotsatira za ER ndi HER2 (zizindikiro za khansa zothandiza kusankha mankhwala) zimatha kunama, munthu n'kumanidwa mankhwala a tamoxifen. Mu saline (madzi amchere) musaike, chonde. Khungu likapezeka lopanda khansa musamumasule, zimachitika ndithu matenda alipo.

Clinical officer: Ndiye ndimukonzere opaleshoni yochotsa bere?

Dokotala wa khansa: Ayi, pa mtundu umenewu chemo ndiyo imayamba: doxorubicin ndi cyclophosphamide, kenako paclitaxel. Khungu likaphwa, amachotsa bere lonse pamodzi ndi anabere akukhwapa, kenako radiotherapy (kupha maselo a khansa ndi cheza champhamvu). Yochotsa mbali chabe ya bere siyoyenera. Mutumizeni ku Kamuzu Central kapena ku Queens sabata ino, musadikire zotsatira za biopsy. Abwere ndi X-ray ya pachifuwa, sikani ya chiwindi, zotsatira za magazi (full blood count), ndi zotsatira zoyeza ngati ali ndi pakati. Ngati ali ndi vuto la mtima mulembe m'kalata, doxorubicin amaufooketsa.