C&S pa Penny Lilac: kataloji ikupereka mitundu iwiri, envelopu palibe

Mbewe:
Akuluakulu, ndithandizeni msanga chifukwa mutu waima. Ndalandira mulu wa ma perfin a ku Britain (masitampu obooledwa timabowo topanga zilembo zoimira dzina la mwini wake) oti ndiwalembere mafotokozedwe asanapite ku okushoni Lachisanu, ndipo mwa masitampu pafupifupi 300 amene alimo, 41 ndi a zilembo zofanana, C&S, onse pa sitampu yotchedwa Penny Lilac, ya madontho 16 m'ngodya iliyonse. Timabowo ndawerenga katatu konse, kutalika kwa zilembo ndayeza, koma m'kataloji muli mitundu iwiri imene ikugwirizana ndi zimene ndapeza, wina uli ndi dzina la mwini wake, wina ulibe. Zidindo za positi zambiri zili ndi nambala 466, kutanthauza Liverpool, kumenenso kunali kampani yotchulidwa m'katalojimo, koma masitampu 7 ali ndi 498 ya Manchester. Pa ena pini imodzi ya & sinaboole. Envelopu palibe ngakhale imodzi. Mwini katunduyu akulimbikira kuti ndilembe dzina la kampaniyo, ndiponso kuti ndinene kuti makina oboolerawo anali a Sloper, amene anayambitsa luso limeneli, poti akudziwa kuti mawu awiriwo amakopa ogula. Kodi ndili ndi pogwira pokwanira, kapena ndikungodzinyenga?

Nkhoma:
A Mbewe, popanda envelopu yokhala ndi dzina la kampani, kaya losindikizidwa kutsogolo kaya lodindidwa pa chivindikiro chakumbuyo, palibe chimene mwazindikira. Muli ndi zilembo zitatu ndi mzinda, basi. Ku Liverpool m'zaka za m'ma 1880 makampani amene dzina lawo likanafupikitsidwa kukhala C&S anali ochuluka, chifukwa S ameneyo akhoza kuimira Son, Sons, kapena dzina la mnzake wa mwini bizinesi. Lembani kuti mwini wake sakudziwika, mugone tulo.

Mayi Chisale:
Bambo Mbewe, musanafike pa funso la mwini, yambani mwatsimikiza ngati masitampu 41 onsewo anabooledwa ndi makina amodzi, chifukwa kuwerenga timabowo kumangokufikitsani pa tsamba loyenera la kataloji, sikukusankhirani mtundu. Ine ndimaika masitampu chafufumimba pa sikana, n'kuphimba ndi pepala lakuda kuti timabowo tioneke bwino, kenako ndimatembenuza chithunzicho pa kompyuta n'kuchisanjika pamwamba pa chithunzi cha m'kataloji, zonse zili pa kukula kofanana. Ngati sikana ikukuvutani, sanjikani masitampu awiri n'kuwaunika ku nyale, ndipo ngati ali a makina amodzi kuwala kumadutsa pa bowo lililonse. Kawirikawiri & ndiye amaulula kusiyana, makamaka kakhotedwe ka mutu wake ndi pamene mchira wake wathera. Muyang'anenso mpata wa pakati pa C ndi &, chifukwa mitundu iwiri yofanana pa chiwerengero cha timabowo imatha kusiyana ndi theka la milimita pamenepo.

Muchenjere ndi chinthu chimodzi. Makina ena anali ndi mitu ingapo kuti aziboola masitampu angapo nthawi imodzi, ndipo mapini a mutu uliwonse ankaikidwa pawokha, choncho mitu ya makina amodzimodzi siifanana ndendende. Mukapeza kusiyana kochepa musathamangire kunena kuti mwapeza mtundu watsopano. Fufuzani mu mulumo ngati muli masitampu awiri olumikizana, chifukwa amenewo ndiwo amasonyeza ngati mitu inali ingapo.

Mbewe:
Zikomo mayi. Olumikizana alipo awiri okha, ndipo zilembo za pa imodzi zili zotembenuka ngati zoonera pa kalilole, ndiye sindikudziwa ngati zimenezo zikundithandiza kapena zikuwonjezera chisokonezo.

Mayi Chisale:
Zimenezo zikusonyeza kuti kalaliki anapinda pepala la masitampu asanaliike m'makina kuti amalize msanga, ndipo nthawi zambiri amene ankachita zimenezo ndi amene anali ndi kamakina kakang'ono ka mutu umodzi mu ofesi mwawo. Sizikuuzani dzina, komabe zikuchepetsa nkhawa ya mitu ingapo ija. Musalembe kutembenukako ngati chinthu chosowa, chifukwa n'kofala kwambiri.

Nkhoma:
Zonsezo n'zabwino, koma mukamaliza kusanjika zithunzi mudzangodziwa kuti sitampu yanu ikufanana ndi chithunzi cha m'buku. Nanga amene analemba dzina m'bukumo analitenga kuti? Kataloji yabwino imasiyanitsa dzina lotsimikizidwa ndi envelopu ndi dzina longoganiziridwa, ndipo anthu ambiri sawerenga n'komwe chizindikiro chosiyanitsiracho. A Mbewe, pitani mukaonenso. Ngati ndi longoganiziridwa, ndiye kuti mukufuna kumanga maganizo anu pamwamba pa maganizo a munthu wina amenenso analibe envelopu.

Mwale:
Nkhani ya envelopuyi imandiwawa mpaka lero. Nditangoyamba ntchito imeneyi ndinagula bokosi la makalata akale a zamalonda, ndipo poti masiku amenewo ndinkaona ma perfin ngati masitampu owonongeka, ndinadula ngodya zonse n'kuziviika m'madzi kuti ndipeze masitampu oyera oika m'mapaketi. Maenvelopuwo ndinataya. Patapita zaka ndinazindikira kuti mitundu itatu mwa imene ndinamatula tsiku limenelo inalibe mwini wodziwika m'kataloji, ndipo umboni wake ndinauwononga ndi manja anga. Choncho a Mbewe, funsani mwini katunduyo kumene anatenga muluwo, ndiponso ngati kunatsala mapepala ena alionse, ngakhale ong'ambika. Musaiwale kuti Penny Lilac, kuyambira pamene inatuluka mu 1881, inkagwira ntchito ziwiri, yotumizira makalata ndi yolipirira msonkho wa pa malisiti, n'chifukwa chake inalembedwa kuti Postage and Inland Revenue. Lisiti yokhala ndi mutu wa kampani komanso perfin yomatidwa pamenepo ndi umboni wabwino ndithu, bola mutsimikize kuti sitampuyo inamatidwa ndi amene anapereka lisitiyo, ndipo siginecha kapena deti yadutsa pa sitampu n'kufika pa pepala.

Za zidindo za Manchester zisakusowetseni tulo kwambiri. Makampani ankapatsa masitampu antchito awo oyendayenda ndi zamalonda, ena anali ndi nthambi m'mizinda ina, enanso ankaika envelopu yomata kale sitampu m'kalata kuti wolandira ayankhire. Liverpool ndi Manchester zinalumikizidwa ndi njanji kuyambira mu 1830, choncho si zodabwitsa kuti sitampu ya mzinda wina iponyedwe ku mzinda winawo.

Nabanda:
Bambo Mwale, zimenezo n'zoona, koma mpeni umenewo umadula mbali zonse ziwiri. Ngati tikuvomera kuti chidindo cha Manchester sichikutsutsa Liverpool, tiyenera kuvomeranso kuti chidindo cha Liverpool sichikutsimikiza kuti likulu la kampani linali kumeneko. Ine ndikanapatula masitampu 7 amenewo n'kuwayang'ana paokha, chifukwa n'kutheka kuti ndiwo a mtundu wachiwiri uja wopanda dzina, ndipo ngati zili choncho ndiye kuti bambo Mbewe ali ndi makampani awiri m'manja, osati imodzi. Komanso muonetsetse mawonekedwe a chidindo, osati nambala yokha. Manambala amene anayamba mu 1844 anali m'magulu osiyana: a England ndi Wales ali pakati pa mizere yopanga chozungulira ngati dzira, a Scotland ali pakati pa mizere yopanga bokosi, a Ireland ali m'mizere yopanga dayamondi, ndipo nambala imodzi imapezeka m'magulu onse atatu ikuimira malo osiyana. Ndinaonapo munthu atalemba mzinda wa ku England pa chidindo cha ku Scotland, n'kupita kukafufuza kampani m'buku la mzinda wolakwika kwa mwezi wathunthu.

Pini yosowayo igwiritseni ntchito. Ndandalikani masitampu onse amene deti yake ikuwerengeka kuyambira akale kufika atsopano. Ngati bowo likuoneka pa oyambirira n'kusowa pa onse a pambuyo, ndiye kuti pini inathyoka nthawi imeneyo ndipo masitampu a mbali zonse ziwiri ndi a makina amodzi. Ngati likusowa apa ndi apo, mwina anangounjika mapepala ambiri pini n'kulephera kutulukira, ndipo mukaunika ndi galasi mudzaona kachizindikiro kophwanyika pamene inagunda. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ngakhale ndikudziwa kuti Lachisanu silidikira munthu.

Nkhoma:
Pini yothyoka imalumikiza sitampu ndi sitampu inzake. Siilumikiza sitampu ndi kampani. Chimene chimachita zimenezo ndi envelopu.

Mbewe:
Bambo Nkhoma, ndakumvani, koma ndili ndi Kelly's Directory ya nthawi imeneyo, buku la mayina a makampani ndi maadilesi awo, ndipo kampani ya m'katalojiyo ilimo, pa zaka zimene zidindo zanga zikusonyeza. Kodi zimenezo sizikuwonjezera kanthu ngakhale pang'ono? Ndipo palibe amene wandiyankha za Sloper.

Mwale:
Za Sloper ndiye musayerekeze. Joseph Sloper anapeza chilolezo choteteza luso lake la makina oboolera mu 1858, poyamba pofuna kuboola macheke, ndipo akuluakulu a positi analola kuboola masitampu mu 1868 pofuna kuthetsa kuba, popeza masiku amenewo kalaliki ankatha kutenga masitampu a abwana ake n'kukawasinthitsa ndi ndalama ku positi ofesi. Chilolezo chakecho chinatha mphamvu mu 1872. Choncho mukanakhala ndi perfin pa sitampu ya Penny Red ya deti ya pakati pa 1868 ndi 1872, mukanalemba dzina la Sloper ndi mtima wokhazikika. Koma zanu ndi za pambuyo pa 1881, pamene Frank Braham, Sidney Allchin, Waterlow ndi ena anali atalowa kale m'ntchitoyi, ena akugulitsa makina, ena akuboolera makampani masitampu n'kuwatumizira okonzakonza. Alipo anzathu amene amati amazindikira ntchito ya Sloper pongoona kapangidwe ka zilembo, ndipo nthawi zina amalondola, koma amenewo ndi maganizo a katswiri, si umboni woti muulembe pa katundu wogulitsa. Kupinda pepala kumene mayi Chisale atchula kukusonyeza kuti kuboolako kunkachitikira mu ofesi ya kampaniyo, koma sikukunena kumene makinawo anagulidwa.

Nabanda:
Pa za Kelly's, bukulo limasonyeza kuti kampaniyo inaliko, koma kuti likuthandizeni muyenera kuwerenga mayina onse oyamba ndi C mu mzinda wonse n'kuona kuti ndi angati amene angakwane pa C&S, ndipo mukatero mudzapeza kuti si imodzi. Kumene mabuku amenewa amathandiza kwenikweni n'kuchotsa dzina lolakwika. London Gazette, nyuzipepala ya boma, inkalengeza kutha kwa mgwirizano wa eni bizinesi, choncho mukapeza kuti kampani inasintha dzina kapena inatha zaka zambiri deti ya pa sitampu yanu isanafike, mukhoza kuyamba kuikayikira. Ndikuti kuikayikira chabe, chifukwa makampani ambiri ankapitiriza kugwiritsa ntchito makina akale ngakhale dzina litasintha, poti cholinga chinali kuletsa kuba, osati kulengeza dzina.

Mayi Chisale:
Ngati muli membala wa Perfin Society ya ku Britain, imene inayamba mu 1957, tumizani zithunzi za mbali zonse ziwiri pamodzi ndi madeti ndi zidindo, chifukwa iwo ndiwo amasonkhanitsa zoterezi, ndipo mwina wina ali ndi envelopu imene inu mulibe. Yankho silingafike Lachisanu lisanakwane. Pa mafotokozedwe a panopa ine ndikanalemba zimene maso akuona: zilembo, chiwerengero cha timabowo, kutalika, zidindo, zaka, kenako n'kuwonjezera kuti kataloji imagwirizanitsa mtundu wofanana ndi umenewu ndi kampani yakutiyakuti ya ku Liverpool.

Nkhoma:
Mayi, mawu omalizawo ndi amene ndikukana. Wogula sawerenga kuti "imagwirizanitsa", amangoona dzina. Iye akadzagulitsa adzalemba dzinalo popanda mawu enawo, wachitatu adzalilemba mu alubamu ndi inki, ndipo pakapita zaka khumi wina adzabwera nalo kuno ngati umboni. Ndakhala ndikufufuta mayina oterowo m'zosonkhanitsa za anthu omwalira kwa zaka zambiri, ndipo palibe ngakhale limodzi limene linayamba ngati bodza, onse anayamba ngati maganizo a munthu wofulumira.

Mwale:
Komanso envelopu imene mukuikhulupirira kwambiriyo, akulu, nayonso imanama. Ndinagulapo envelopu yooneka bwino yokhala ndi dzina la kampani ndi perfin yogwirizana nalo, koma nditaunika ndinapeza kuti chidindo cha pa sitampu sichinkapitirira bwino kufika pa envelopu, ndipo pansi pake panali banga la sitampu ina yokulirapo imene inamatulidwa. Wina anangomata yake kuti apange umboni. Pa masitampu aboma ndiye zinthu zinaipiratu, chifukwa kuboola n'kosavuta kwa aliyense amene ali ndi mapini. Korona pamwamba pa B.T, ya Board of Trade (nthambi ya boma la Britain yoona zamalonda), yabodza ndi yochuluka moti ine sindiigulanso, ndipo OHMS ya ku Canada, makamaka ya mabowo asanu, ili ndi vuto lomwelo. Ndimayang'ana ngati inki ya chidindo yalowa m'mphepete mwa bowo, chifukwa ngati m'mphepetemo muli moyera pamene inki yadutsa, n'kutheka kuti bowolo linabooledwa chidindo chitadindidwa kale.

Nabanda:
Njira imeneyo imagwira pa inki yochuluka yokha, bambo Mwale. Pa chidindo chopepuka m'mphepete mwa bowo mumakhala moyera ngakhale pa sitampu yeniyeni, ndipo ndinabwezapo katundu wabwino kwa mwini wake chifukwa choikhulupirira mopitirira. Kodi OHMS yanuyo munaiyerekeza ndi chiyani, chithunzi cha m'buku kapena sitampu yokhala ndi satifiketi?

Nkhoma:
Envelopu yabodza siichotsa kufunika kwa envelopu yeniyeni. A Mbewe, mwakaona chizindikiro chija m'kataloji?