Maoda achuluka, nsalu zadzaza nyumba, mutu sukugwira: ndiyambire pati?

Wosokera kunyumba

Anzanga atelala, ndigawireni nzeru. Ine ndimasokera kunyumba, m'chipinda chomwecho chimene banja limachezera. Makasitomala akubwera bwino, pamenepo sindikudandaula, koma mtima wanga suli m'malo. Nsalu za eni zili paliponse: pampando, pamwamba pa kabati, zina m'matumba kunsi kwa tebulo. Ndikayamba diresi ya uyu, maso amagwera pa suti ya uja imene yatsala manja okha, ndiye ndimasiya ichi n'kugwira icho. Dzuwa limalowa popanda chimene ndamaliza. Foni ikalira mtima umadumpha, poganiza kuti ndi mwini chovala akufunsa ngati chatha. Usiku tulo sitibwera, ndimangowerenga m'mutu zovala zotsala. Ana akakhudza sizasi ndimawakalipira mopyola muyeso, ndipo zimenezi ndizo zikundiwawa kwambiri. Ena akuti ndichepetse maoda, ena akuti ndipeze shopu ya lendi, koma ndalama yake ndilibe panopa. Inu mwakhalitsa pantchitoyi, mumatani?

Telala wa masuti

Pepani achemwali, ambirife tadutsamo m'zimenezi. Koma za shopuzo ziimikeni kaye. Mukasamuka ndi kagwiridwe komweko, milu ya nsaluyo ikakupezani komweko, n'kuwonjezerapo nkhawa ya lendi.

Ndisanayambe kusoka pandekha ndinagwirapo m'fakitale ya zovala. Kumeneko zovala zimatuluka zochuluka patsiku, koma simungapeze mulu wa nsalu wosadziwika mwini wake. Ankatsata njira yotchedwa 5S, imene inachokera ku Japan ndipo imadziwika kwambiri ndi kampani ya magalimoto ya Toyota. Ili ndi mbali zisanu, koma kwa ife osokera kunyumba ziwiri zoyambirira ndizo mutu wa nkhani: kuchotsa pamalo ogwirira ntchito chilichonse chimene simukuchifuna panthawiyo, kenako chotsalacho kuchipatsa malo akeake. Zitatu zinazo ndi kuyeretsa, kukhazikitsa dongosololo kuti lizichitika mofanana, ndi kusaleka.

Oda iliyonse ikhale m'thumba lakelake, makamaka loonekera m'kati. Momwemo muikemo nsalu, zipi, mabatani, ulusi wogwirizana ndi mtundu wa nsaluyo, ndi kapepala kolembapo miyeso, sitayilo imene munagwirizana, dipoziti ndi tsiku lodzatenga. Mukatero simudzayendanso nyumba yonse kusaka zipi yobiriwira chovala chili pamakina. Matumbawo alowe m'bokosi kapena m'kabati yotsekeka, la tsiku loyandikira likhale patsogolo. Zomalizidwa zisitidwe, zikolowekedwe pa hang'ala kwina. Patebulo pakhale oda imodzi basi.

Palinso lamulo limene ndimalisunga kuposa onse: sindidula nsalu yatsopano ngati ndili kale ndi zovala zitatu zodulidwa zosamalizidwa. Nsalu yosadula siivuta, imangodikira m'thumba mwake. Yodulidwa ndiyo imabalalika, kolala apa, manja apo, ndipo ndi imene imadya mtima. Ku Toyota komweko n'kumene kunachokera kanban, njira yoti gawo lililonse la ntchito lisapange zoposa zimene gawo lotsatira lingalandire. Kwa ife, sizasi isamathamange kuposa makina.

Mphunzitsi wa zosoka

Ndikugwirizana ndi bambowa. Ndingowonjezera chifukwa chake zimathandiza, poti munthu akadziwa chifukwa sasiya msanga.

Mu 1927 katswiri wa za maganizo a anthu, Bluma Zeigarnik, ali ku Berlin, anapeza kuti anthu amakumbukira kwambiri ntchito imene aidukiza panjira kusiyana ndi imene aimaliza. Maganizo sachoka pa ntchito yosatha. Ndiye taonani achemwali, suti yopanda manjayo ikakhala pampando, imakukumbutsani nthawi iliyonse mukadzutsa mutu. Kuwerenga zovala kwa usikuko n'komweku: mukuopa kuti mukagona muiwala china.

Chosangalatsa chinabwera mu 2011. Ofufuza awiri, Masicampo ndi Baumeister, anapeza kuti ntchito yosatha imasiya kuzungulira m'mutu munthu akangokonza mwatchutchutchu mmene adzaichitire ndi nthawi yake, ngakhale asanaigwire n'komwe. Choncho gulani kope limodzi lolimba. Madzulo, musanavundikire makina, lembani zimene mudzachite mawa. Musalembe kuti “diresi ya mayi aja”, chifukwa pamenepo mutu udzafunsabe kuti yatsala chiyani. Lembani kuti “m'mawa: kuika zipi, kupinda mpendero, kusita, ikatha ndidule siketi ya buluu”. Mukadzidzimuka usiku ndi chinthu chimene mwakumbukira, chilembeni pomwepo n'kugonanso.

Za nyumba yodzaza katundu nazonso zinafufuzidwa. Mu 2010 Saxbe ndi Repetti anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa mabanja a ku Los Angeles amene bambo ndi mayi onse amagwira ntchito. Amayi amene ankafotokoza nyumba zawo kuti ndi zodzaza zinthu ndi ntchito zosamalizidwa, cortisol wawo sankatsika bwino dzuwa likamapendeka. Cortisol ndi homoni imene thupi limatulutsa munthu akapanikizika. Mwachibadwa imakhala yokwera m'mawa n'kumatsika pofika usiku. Kafukufukuyo anaonetsa kuti ziwirizi zimayendera limodzi, osati kuti chimodzi ndicho chimayambitsa chinzake. Komabe kwa inu amene malo antchito ndi malo opumira ndi amodzi, nkhaniyi ndi yoiganizira.

Mayi wa mayunifolomu

Zonsezi ndi zoona, koma ndiloleni nditsutseko pang'ono, chifukwa ndikuopa kuti mwana wathuyu athera mphamvu zake kulongedza matumba n'kudzadabwa kuti mtima ukugundabe. Ngati mwalandira ntchito ya manja anayi muli ndi awiri, matumba sakusokerani.

Ife atelala tili ndi chizolowezi chimodzi: tikamapereka tsiku timawerengera nthawi yopalasa makina yokha. Timaiwala kuyeza munthu, kudula, kuyesa, kubweza m'chiuno, kutungira mabatani pamanja, kusita, ndi kucheza ndi kasitomala amene wabwera kudzasintha sitayilo. Singano ithyoka, ulusi wa mtundu umenewo utha, mwana adwala. Yesani mlungu umodzi kulemba nthawi imene mwayamba chovala ndi imene mwachikoloweka. Mudzaona kuti diresi imene mumati ndi ya theka la tsiku imadya pafupifupi tsiku lonse. Mukadziwa nthawi yeniyeniyo, wonjezerani ina ya zogwa mwadzidzidzi, ndipo pamlungu musiye theka la tsiku losalonjeza munthu aliyense.

Koma chachikulu chili m'maganizo. Ambirife tinayamba ntchitoyi makasitomala ali osowa, ndiye mantha aja sanatichoke. Timaona ngati kubweza oda ndi kuthamangitsa mwayi, kapenanso kuchitira munthu chipongwe. Ayi mwanawe. Munthu ukamuuza tsiku lakutali amadandaula pang'ono n'kusankha yekha kudikira kapena kupita kwina. Amene amakunenera zoipa kwa anzake ndi amene unamuuza kuti “mubwere mawa” iye n'kuyenda ulendo wachabe katatu. Tsiku lisamachoke pakamwa panu, lizichokera m'kope. Munthu akabwera, tsegulani kopelo iye akuona, mumuuze kuti, “Mayi, mlungu uno wadzaza, ndingathe kukupatsani Lachinayi la mlungu wamawa.” Akaona masamba odzaza amakulemekezani. Kuthamanga sikufika.

Wofuna zachangu alipo nthawi zonse. Ameneyo alipire mtengo wa zachangu, ndipo mumulandire pokhapokha ngati theka la tsiku lija likadalipo.

Wosokera kunyumba

Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga mobwereza. Mayi, mwandifika pamtima. Kukana ndiko kumandivuta, makamaka akakhala munthu wodziwana naye. Ndayamba ndi matumba, ndipo powerenga ndapeza kuti zovala zodulidwa kale ndi zambiri kuposa zitatu zija. Ndiye ndifunse: amene ndinawalonjeza kale masiku amene sindingakwanitse, nditani nawo? Nanga chipinda poti ndi chimodzi, makina sindingawabise. Komanso ndili ndi masaka a tizidutswa ta nsalu amene ndimangoti ndidzagwiritsa ntchito.

Mnyamata wa ovaloko (makina osokera m'mphepete mwa nsalu)

Anti, pa foni paja ndiyankheko ine. Muziyamba ndinu kuimba. Khalani pansi ndi kope, konzani masiku enieni a maoda onse amene alipo, kenako muimbire kapena mulembere uthenga aliyense amene tsiku lake lisuntha, tsikulo lisanafike. Mawu ake asachuluke: mwapepesa, mwatchula tsiku latsopano, mwafunsa ngati pali mwambo umene akufuna kukavalira. Amene ali ndi ukwati kapena mayeso a ntchito apite patsogolo, enawo ambiri amavomera. Foni imaopsa pamene muli ndi chinthu chimene mwini wake sakuchidziwa. Onse akadziwa pamene zovala zawo zili, ikalira mumangoyankha.

Ndipo mpaka zodulidwazo zitatsika kufika pa zitatu, sizasi ipumule. Yambani ndi zimene zatsala pang'ono, monga suti ya manja ija. Kuona zovala ziwiri zitatu zitakolowekedwa kumabweza mphamvu.

Za chipinda, makina sabisika koma amavundikirika. Asokereni chovundikira, muike katani pashelefu ya matumba, ndipo musankhe ola lotsekera. Likakwana, sesani ulusi, tolerani mapini, sizasi ndi choko m'kabokosi kamodzi kokhala pamwamba pamene ana safikira. Pamenepo kukalipa kuja kuchepa kokha, poti sadzakhala ndi chokhudza. Mphindi 10 zimakwana. Makasitomala auzeni maola anu, chifukwa wosokera kunyumba anthu amamuyesa wotsegula usana ndi usiku.

Mphunzitsi wa zosoka

Ndibwererenso pa mtima wodumphawo, chifukwa ngakhale nyumba ikhale mwadongosolo, nyengo ya maukwati ndi yotsegulira sukulu idzabwerabe ndi phuma lake.

Mu 2013 Alia Crum ndi anzake anatulutsa kafukufuku amene anachita ndi antchito a kampani ina ya zachuma. Gulu lina linaonetsedwa timavidiyo tofotokoza kuti kupanikizika kumawononga, lina tofotokoza kuti kungathe kunola maganizo ndi kumupatsa munthu mphamvu. A gulu lachiwirili pambuyo pake ananena kuti akugwira ntchito bwinoko ndipo akupezako bwino m'thupi. Phunziro lake kwa ife ndi lakuti mmene timamasulira zimene thupi likuchita zimasintha mmene tigwirire ntchito. Mtima ukagunda tsiku loti diresi ya mkwatibwi ituluke, homoni yotchedwa adrenaline ndi imene ikukonzekeretsa thupi kuti likhale tcheru. Mukadziuza kuti “ndalephera, zandikanika”, manja amanjenjemera n'kusoka mokhota. Mukadziuza kuti “thupi ladzuka chifukwa ntchitoyi ndi yofunika, chotsatira ndi zipi”, mphamvu yomweyo imalowa m'ntchito. Pumani mpweya pang'onopang'ono kangapo, kutulutsa kukhale kotalika kuposa kukoka, kenako gwirani chinthu chimodzi chimene chalembedwa m'kope.

Koma ndinene momveka, kuti wina asatenge mawuwa n'kumadzizunza nawo. Zimenezi ndi za phuma la masiku ochepa, limene limabwera n'kutha. Kupanikizika kwa miyezi, kopanda tulo, sikuchira ndi kudzilimbitsa mtima. Mu 2019 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la World Health Organization linafotokoza kutheratu mphamvu chifukwa cha ntchito ngati vuto lobwera ndi kupanikizika kwa kuntchito kumene kwatenga nthawi osathetsedwa. Zizindikiro zake ndi zitatu: kutopa kosatha, kuipidwa ndi ntchito imene unkaikonda, ndi kuchepa kwa zimene ukukwanitsa. Munthu wamkulu amafunika maola osachepera 7 a tulo. Achemwali, mukakonza zonsezi koma tulo n'kumavutabe kwa milungu ingapo, kapena mukaona kuti palibe chikukusangalatsani, chakudya sichikulowa, misozi ikungobwera, pitani mukaonane ndi dokotala kapena mlangizi. Kumeneko si kufooka.

Wosoka makatani ndi mapilo

Tizidutswa tija ndi gawo langa. Khuthulani masaka onse pansi tsiku limene simukusoka. Chidutswa chimene chingatuluke thumba la m'kati la thalauza, kolala, lamba kapena kachovala ka khanda, chipindeni n'kuchiika m'bokosi limodzi, mitundu yofanana pamodzi. Bokosi limodzi, osati awiri. Likadzaza, chatsopano chilowe pokhapokha chakale chitatuluka. Tating'onoting'ono tonse tipatseni opanga mapilo, zidole ndi zopondera pakhomo, kapena sukulu yophunzitsa zosoka. Amatilandira ndi manja awiri. Zotsala za nsalu ya kasitomala zikakhala zazikulu, muzimubwezera pamodzi ndi chovala chake, zisagone kwanu.

Palinso katundu wina amene sanatchulidwe pano koma ndikudziwa kuti muli naye: zovala zomalizidwa zimene eni ake sabwera kudzatenga. Zimenezo zimadya malo, zimadyanso ndalama zanu za ulusi ndi nthawi. Zisonkhanitseni pamodzi, mulembere aliyense uthenga waulemu wotchula tsiku lomaliza kudzatenga. Kuyambira pa oda yotsatira, mawu amenewa alembedwe palisiti pomwe, kuti chovala chikatha mudzachisunga kwa nthawi yakuti, ndipo muziwerengera kasitomala asanapereke dipoziti.