Rauta ikufika pa intaneti koma makompyuta a mu ofesi ayi: NAT pa MikroTik

wa_kamwala:
Akuluakulu, thandizeni. Tili ndi fibre imodzi yomwe tikufuna kugawana mashopu anayi pano pa Kamwala, makompyuta 11 ndi mafoni. Waya wa fibre walowa pa ether1 (port yoyamba) ya rauta ya MikroTik hEX, PPPoE (njira yolumikizira ku kampani ya intaneti) yalumikizika. Ndikachita ping 8.8.8.8 ndili pa rauta penipeni ikuyankha, koma makompyuta omwe alandira 192.168.88.x sakutsegula kalikonse. Lamulo la NAT la masquerade (lotulutsa makompyuta onse pa intaneti ndi adilesi imodzi ya rauta) lilipo, out-interface ndi ether1. Chalakwika n'chiyani?

mawaya_chilenje:
Achimwene, vuto mwalitchula nokha: ether1. Mukagwiritsa ntchito PPPoE, mapaketi satulukira pa ether1, amatulukira pa pppoe-out1, ndipo adilesi yochokera kwa kampani ya intaneti imakhala pamenepo. Ndiye lamulo lanu silikugwira paketi ngakhale imodzi. Makompyuta akutuluka ndi 192.168.88.x yawo, adilesi yapakhomo imene siyenda pa intaneti, ndipo yankho likusowa njira yobwerera. Rauta ikuyankhidwa chifukwa iyo imatuluka ndi adilesi ya pppoe-out1.

Tsegulani IP > Firewall > NAT mu Winbox (pulogalamu yokonzera MikroTik), muone pa Packets. Mupeza 0. Konzani motere:

/interface list member add list=WAN interface=pppoe-out1
/ip firewall nat add chain=srcnat out-interface-list=WAN action=masquerade

Lakalelo fufutani. Ubwino wa list ya WAN ndi wakuti mukadzaika rauta ya 4G pa ether2 yodalira fibre ikaduka, mungochotsa ether2 mu bridge n'kuiwonjezera mu list, NAT osaikhudzanso. Komanso malamulo a firewall obwera ndi rauta amayang'ana list yomweyo potsekereza zochokera kunja.

wa_kamwala:
Zatheka, zikomo kwambiri! Funso lina: shopu imodzi ili ndi makamera a Hikvision, mwini wake akufuna kumaonera ali kunyumba ku Chelstone. Ndaika dst-nat (lamulo lolozera zochokera kunja ku chipangizo cha mkati) ya port 8000 koma kuli zii.

netiweki_matero:
Musanavutike ndi dst-nat, onani kaye IP > Addresses. Ngati pppoe-out1 ili ndi adilesi yapakati pa 100.64.0.0 ndi 100.127.255.255, kapena yoyamba ndi 10, muli kuseri kwa CGNAT: kampaniyo ikugawira makasitomala ambiri adilesi imodzi yapoyera, monga momwe inu mukugawira mashopuwo. Pamenepo olo mulembe malamulo makumi awiri, palibe cholowa kuchokera kunja. Mwina mupemphe public IP, imene kawirikawiri imalipiridwa padera, kapena mugwiritse ntchito Hik-Connect ya Hikvision, pakuti kumeneko DVR (bokosi losunga zithunzi za makamera) ndiyo imayamba kulumikiza kunja.

Ngati adilesi ndi yapoyera, DVR ipatseni adilesi yosasintha, mwachitsanzo 192.168.88.50, gateway 192.168.88.1. Ambiri amaiwala gateway, ndiye paketi imalowa koma DVR sidziwa koyankhira. Ndipo poyesa gwiritsani ntchito data ya pafoni, osati Wi-Fi ya m'shopu momwemo. Mkati sizigwira popanda hairpin NAT, lamulo lolola a mkati kufika pa DVR kudzera pa adilesi yapoyera. Ine ndinganene kuti kutsegulira DVR port poyera n'kusiya chitseko pululu usiku. Ngati rauta ili pa RouterOS 7, WireGuard (VPN, njira yobisika yolowera mu netiweki muli kutali) ilimo kale, port imodzi ya UDP basi.

mawaya_chilenje:
Zoona zimenezo. Chinanso, masquerade musaichotse pokhapokha atakupatsani adilesi yokhazikika, ndiye mutha kusinthira ku src-nat ndi to-addresses. Magetsi akazima n'kubwera, PPPoE ikhoza kulandira adilesi ina, ndipo masquerade imatsatira yokha.

Mukaona mawebusayiti ena akutsegula theka n'kuima, ndi MTU (malire a kukula kwa paketi): PPPoE imadya mabayiti 8, ndiye pa 1500 pamatsala osapitirira 1492. Onetsetsani kuti Change TCP MSS ili pa yes mu PPP profile. Ndipo ngati Allow Remote Requests ya DNS ndi yoyatsa, port 53 ikhale yotseka kumbali ya WAN, apo ayi anthu akunja azitumiza mafunso a DNS pa rauta yanu mpaka liwiro lonse litathera komweko.