Fakitale ya malasha ku Kammwamba: tilembe chiyani ku khonsolo?

Wapampando (Blantyre):
Abale ndi alongo a kwathu ku Neno, nkhani ya fakitale yopanga magetsi ndi malasha ku Kammwamba yakhala ikumveka kwa zaka zambiri, ndipo ikangodzuka, anthu a kumudzi amatifunsa ife okhala m'tauni ndi kunja kuti tikutipo chiyani. Dongosolo lake ndi la mamegawati 300, ndipo malasha ake ndi a ku Moatize m'chigawo cha Tete ku Mozambique, odzabwera pa njanji ya ku Nacala yomwe ikudutsa kale m'boma lathu. Komiti ikufuna kuti gulu lino lilembe kalata ku khonsolo komanso ku MEPA, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la zachilengedwe la 2017 ndipo limaunika ntchito zotere zisanaloledwe, koma sitinagwirizane zoti tilembemo. Ndikupempha maganizo anu.

Mwini chigayo (Zalewa):
Zikomo a Wapampando. Ine ndikupempha kuti kalatayo ikhale yothokoza ndi yofulumizitsa ntchito. Magetsi athu ambiri amachokera mumtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo tonse tikukumbukira kuti namondwe wa Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, zigayo ndi mashopu owotcherera zitsulo n'kumangokhala chete. Anzathu a ku Zambia ali ndi fakitale ya malasha ku Maamba, a ku Zimbabwe anawonjezera makina ku Hwange. Komanso amene akuopa utsi adzaime pamsewu pano awerenge matumba a makala. Mitengo ya kwathu ikutha chifukwa anthu a ku Blantyre alibe magetsi odalirika ophikira.

Namwino (Lilongwe):
Achimwene, za makala mwanena zoona, ndipo utsi wa nkhuni m'makhitchini mwathu ukudwalitsa kale amayi ndi ana chibayo ndi chifuwa chosatha. Koma mapapo omwe alema kale ndi utsi wa m'khitchini ndi omwewo adzapume utsi wa fakitale. Malasha akamayaka amatulutsa mpweya wa sulphur dioxide, womwe umadzutsa mphumu, komanso tifumbi tosaoneka ndi maso totchedwa PM2.5, tomwe timalowa mpaka pansi pa mapapo ndi m'magazi n'kuwonjezera matenda a mtima ndi kufa ziwalo. Mulinso mercury, yemwe akagwera m'madzi amasonkhana m'thupi la nsomba, ndipo amaononga kakulidwe ka ubongo wa mwana ali m'mimba. Ku chipatala cha Neno ndi ku Lisungwi, kumene a Abwenzi Pa Za Umoyo amathandiza boma kusamalira odwala matenda amgonagona, odwala mphumu alipo kale. Pempho langa ndi lakuti mpweya wa ku Kammwamba ndi midzi yozungulira upimidwe kwa chaka chathunthu, dzinja ndi chilimwe chomwe, njerwa isanaikidwe ngakhale imodzi. Popanda muyeso woyambirirawo, ana akadzayamba kutsokomola tidzauzidwa kuti anali kutsokomola kale, ndipo tidzasowa poyankhira.

Mkulu wina wa gulu (eMalahleni, South Africa):
Ine ndikulemba ndili m'dera la Mpumalanga, komwe kuli mafakitale ambiri a malasha opangira magetsi a dziko lino. Boma la kuno linavomereza lokha mu 2007 kuti mpweya wa dera la Highveld ndi woipa ndipo ukufunika chisamaliro chapadera, komabe anthu anadikira mpaka Malichi 2022 kuti khoti lalikulu ku Pretoria ligamule kuti mpweyawu ukuphwanya ufulu wawo wokhala pamalo osaononga thanzi. Dziwani kuti kuno kuli malamulo, makina opimira mpweya ndi maloya odziwa ntchito, koma zinatengabe zaka zoposa 14. Fakitale ya Medupi ku Limpopo inamangidwa ndi lonjezo lakuti makina ochotsa sulphur mu utsi adzaikidwa pambuyo pake, ndipo zaka zakhala zikudutsa lonjezolo likungokankhidwira mtsogolo. Choncho mawu akuti "tidzaika" asapezeke m'chilolezo cha Kammwamba. Makinawo akhalepo tsiku loyamba kuyatsa moto, apo ayi moto usayake.

Mwini chigayo (Zalewa):
Amalume, ndakumvani, koma inu mukulemba muli ndi magetsi a malasha omwewo. Mafakitale a kumeneko ndi ambiri ndiponso akuluakulu, pomwe yathu ndi imodzi yokha. Tikaunjika zofuna zambiri, omanga adzapita boma lina, ndipo ana athu adzapitiriza kunyamula makala panjinga.

Mphunzitsi wopuma pantchito (Neno boma):
Mwana wanga, chomwe chachedwetsa fakitaleyi si ife ayi. Ndalama zake zinkayembekezeka kuchokera ku China, ndipo mu Sepitembala 2021 pulezidenti Xi Jinping analengeza ku msonkhano wa United Nations kuti dziko lake lasiya kumanga mafakitale atsopano a malasha kunja. Apa ndi pomwe nkhawa yanga yagona: ngongole ya malasha ikavuta kupeza, womanga amafuna pochepetsa mtengo, ndipo makina oyeretsa utsi ndi odula, amadya laimu ndi madzi ambiri, koma sawonjezera magetsi oti n'kugulitsa. Ndiwo amayamba kufufutidwa papepala. Tisaiwalenso kuti m'dera lathu lomweli muli dongosolo la damu la Mpatamanga pa Shire, kuti ku Salima ndi ku Golomoti magetsi a dzuwa akupangidwa kale, komanso kuti chingwe cha magetsi a ku Mozambique mathero ake ndi pa Phombeya m'boma loyandikana nalo la Balaka. Sindikunena kuti zimenezi zikukwanira, makamaka chilala chikachepetsa madzi mu Shire, koma khonsolo isauzidwe kuti malasha ndi njira yokhayo.

Mayi mlimi (kwa Symon):
Nonsenu mukukamba za kumwamba, ine ndikufunsa za pansi. Phulusa la malasha ochuluka chonchi lidzathiridwa pamunda wa yani, ndipo mvula yamphamvu ikagwa lidzalowera kuti ngati si m'mitsinje momwe timatunga madzi ndi kumwetsa mbuzi? Malasha omwe azidzatsitsidwa m'mabogi n'kuunjikidwa panja, mphepo ya mu Okutobala idzawaulutsira pa ufa woyanika pamphasa. Ndikufunanso kuti za chipukuta misozi cha minda zikambidwe pabwalo la mfumu amayi tilipo, chifukwa kwathu kuno minda yambiri ndi ya mbumba, pomwe osainira mapepala nthawi zambiri amakhala abambo.

Mlembi (Leeds):
Ndawerenga zonse, ndipo ndikuona kuti kalata yongothokoza kapena yongokana siingaimire gulu lino. Ndilemba kuti sitikutsutsa magetsi, koma chilolezo chisaperekedwe mpaka lipoti la kafukufuku wa zachilengedwe litawerengedwa m'Chichewa pamisonkhano ya m'midzi yokhudzidwa, mpweya ndi madzi zitapimidwa monga anenera achemwali a ku Lilongwe, ndiponso makina osefa fumbi ndi ochotsa sulphur, pamodzi ndi dzenje la phulusa losadontha, zitalembedwa m'chilolezomo ngati zofunika kuyambira tsiku loyamba. Ndiwonjezeranso kuti zotsatira za kupima utsi zizipachikidwa ku khonsolo mwezi ndi mwezi.

Mwini chigayo (Zalewa):
Ndisainira ngati muwonjezere ndime yakuti midzi yoyandikana ndi fakitale ilumikizidwe magetsi koyambirira, chifukwa pali midzi ya m'mbali mwa Nkula ndi Tedzani yomwe yaona mawaya akudutsa pamwamba kwa zaka zambiri ili mumdima.

Wapampando (Blantyre):
Ndime imeneyo ilowe. A Mlembi, tumizani kalatayo muno pofika Lachisanu kuti aliyense aiwerenge, ndipo Mayi a kwa Symon atithandize kuipereka kaye kwa mafumu isanapite kwa bwanamkubwa.