Funso: Kodi fosifolasi wa m'feteleza akuthera kuti m'dothi lokhala ndi laimu wambiri?

Wofunsa:
Akuluakulu ndi alangizi a pagulu lino, ndikupempha nzeru zanu. Ndimalima chimanga chamthirira kudera la Ngabu m'boma la Chikwawa, pa dothi lakuda la makande lomwe limachita ming'alu m'chilimwe. Ndikakumba pansi pang'ono ndimapeza timiyala toyera ta laimu tomwe timatulutsa thovu ndikatithira viniga, ndipo dothi litapimidwa pH yake (mlingo wa asidi m'dothi) inapezeka kuti ndi pafupifupi 8, kusonyeza kuti si la asidi. Ngakhale ndimathira feteleza wokulitsa wa 23:10:5+6S+1.0Zn pa nthawi yake, chimanga chimapinimbira chikadali chaching'ono, ndipo m'mphepete mwa masamba am'munsi mumafiirira ngati khungu la biringano. Zikuoneka ngati chikusowa fosifolasi, chimodzi mwa zakudya za mbewu zomwe zili m'fetelezayu. Kodi fosifolasiyu akukokoloka ndi madzi othirira, kapena dothi lenilenilo ndilo likumumanga? Ndiwonjezere matumba?

Mlangizi wa zaulimi:
Bambo, musathamangire kugula matumba ena. Fosifolasi sayenda ndi madzi m'dothi ngati momwe nayitrojeni amachitira. Amakhala pafupi ndi pomwe wagwera. M'dothi ngati lanulo, akangosungunuka amakumana ndi kashiamu wochuluka wochokera ku laimu, ndipo ziwirizi zimagwirizana n'kupanga mchere wosungunuka movutikira, womwe pakapita miyezi umaumirabe mpaka mizu kulephera kuuyamwa. Fosifolasi wina amangomatirira pa tizidutswa ta laimu. Choncho mukamwaza feteleza n'kumusakaniza ndi dothi lonse, mumakhala mukumupereka kwa laimu. Muzimukwirira malo amodzi pafupi ndi phando, cha m'mbali ndi pansi pang'ono pa mbewu, kuti akhudzane ndi dothi lochepa.

Wophunzira za sayansi ya nthaka:
Ndikugwirizana ndi a mlangizi, koma tisamusenzetse laimu mlandu wonse. Timiyala tomwe mukutiona ndi maso sitimanga fosifolasi wambiri. Woopsa ndi laimu wosalala ngati ufa wosakanikirana ndi dongo, chifukwa malo omatirirapo amachuluka. Komanso ngakhale m'dothi la laimu mumakhala tinthu tachitsulo tomwe timagwira fosifolasi mwamphamvu, monga zimachitikira m'dothi lofiira la katondo. N'chifukwa chake minda iwiri ya pH yofanana imatha kuyankha mosiyana pa feteleza mmodzi yemweyo. Mukadzapimitsanso dothi, mupemphe njira yopimira fosifolasi yotchedwa Olsen, yomwe inakonzedwera dothi lotere, popeza asidi wa njira ina yotchedwa Bray amathera pa laimu ndipo zotsatira zake zimasocheretsa.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse. Mnzanga wina anandiuza za ufa wa miyala ya fosifeti (miyala yokhala ndi fosifolasi) yonga ya ku Tundulu m'boma la Phalombe, amvekere ndi wotsika mtengo ndipo umakhalitsa m'nthaka. Kodi ungandithandize?

Mlangizi wa zaulimi:
Ayi bambo, pa dothi lanulo mungangotaya ndalama, chifukwa miyala imeneyo imafuna dothi la asidi kuti isungunuke. Chomwe chingakuthandizeni ndi manyowa owolerana bwino a m'khola la ng'ombe, zomwe kwanuko sizisowa. Manyowa akamawola amatulutsa timaasidi tomwe timalanda malo ena omwe fosifolasi akanamatirirapo, ndiponso iwo eni amabweretsa fosifolasi wawo. Muyese mizere ingapo ya manyowa pamodzi ndi feteleza wokwirira, ina feteleza yekha, ndipo chimanga chikafika m'mawondo mutitumizire zithunzi za masamba am'munsiwo.