Ndigule mapanti ndi mapadi otani a masiku a chikuta?

Woyembekezera wa ku Area 25:

Amayi anzanga, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi pakati pa miyezi 8 ndipo ndi poyamba. Za mwana ndamaliza kugula, ndipo zimene anatiuza ku sikelo zilipo: beseni, ndowa, zitenje, thonje ndi pepala lakuda loyala pabedi lija. Dzulo ndikulongedza chikwama m'pamene ndinaona kuti za ine mwini mulibemo ngakhale chimodzi.

Apongozi anga afika kale kuchokera ku Dedza kudzandidikirira. Iwo akuti zogulagulazi n'kutaya ndalama, moti ang'amba kale chitenje chawo chakale, apinda zidutswa 12 n'kuziika m'jumbo. Akuti ana awo onse 7 anachira nazo zomwezo. Achemwali anga aakulu akuti ndisayerekeze, ndigule mapadi. Koma mapadi ake ati? Ine ndikakhala kumwezi ndimagwiritsa ntchito opyapyala a mapiko aja. Mapanti anganso onse ndi a lesi, aang'onoang'ono, pano ondikwana atsala awiri amene ndikuchapa mosinthana. Ndalama ndi zowerengeka, ndipo bambo a kunyumba akuti ndinene chinthu chimodzi chenicheni, osati lero ichi mawa icho. Inu amene munadutsamo, ndigule chiyani, ndipo zingati?

Mayi wa atatu, Zomba:

Achemwali, mwandikumbutsa kupusa kwanga pa mwana woyamba. Ndinalongedza mapanti oyera atatu, atsopano, okongola, ngati ndikupita ku ukwati, ndi paketi imodzi ya mapadi opyapyala omwe mukunenawo. Ndinachira madzulo. Usiku nditayamwitsa ndinati ndidzuke ndikataye madzi, ndiye kungoti dzu, ndinamva kutentha kukutsika m'miyendo mpaka m'patapata. Padi ija inali ngati tsamba pa mtsinje wodzaza. Mayi anga anayamba kukolopa ndi chitenje pakati pa usiku, ine nditagwira mutu wa bedi, manyazi ali tho. Mayi wina wa bedi loyandikana nalo, amene anali pa mwana wachisanu, ndiye anandiponyera padi yake yaikulu ija, osalankhula kanthu.

Ndiye mverani. Opyapyalawo asungeni, ntchito yawo idzabwera sabata ikatha. Masiku atatu kapena anayi oyamba mufunika mapadi a uchembere, ku famase muzikanena kuti maternity pads. Ndi aatali, okhuthala ngati kamatiresi, ndipo pamwamba pake ndi pofewa, palibe kaukonde kapulasitiki kaja. Ine ndinkasintha pafupifupi maola awiri kapena atatu aliwonse tsiku loyamba ndi lachiwiri, choncho paketi ya 10 siichedwa. Gulani mapaketi atatu. Awiri alowe m'chikwama, imodzi itsale kunyumba. Mapiko musawafune kwambiri. Ine ndinasokedwa pa mwana wachiwiri, ndipo mapikowo ankapindika n'kumakhula pomwe pali ulusi, ndinachita kuwadula ndi sizasi.

Mapanti gulani a nsalu ya thonje, akuda kapena a mtundu wina wodera, aakulu kuposa saizi yanu ndi masaizi awiri. Mimba siibwerera tsiku lomwe mwachira, mumatuluka m'chipatala mukuonekabe ngati muli ndi miyezi isanu. Asanu ndi mmodzi akwana. Otchipa a pamsika omwe aja, bola akhale atsopano. Kaunjika ndimamukonda, ana anga onse akulira momwemo, koma pa ichi chokha ayi. Ndipo musawakonde mapantiwo, awiri kapena atatu mudzawataya basi.

NaPhiri wa ku Ndirande:

Ndiwonjezerepo chimodzi chimene palibe anandiuza. Ine ndinapita ndikudziwa kuti ndichira bwinobwino, koma mwana anakhala udyo ndipo zinathera ku opaleshoni. Bala lake limakhala m'munsi mwa mimba, chopingasa, ndendende pamene lasitiki wa panti wamba amadutsa. Tsiku limene anandivula katheta, kapaipi kotulutsira mkodzo kaja, n'kundiuza kuti ndiyambe kuyenda, ndinavala panti wanga wa masiku onse, ndinalira ngati mwana. Mapeto ake ndinatuma gadiyani wanga kunyumba kukatenga makabudula amkati a amuna anga, ndinavala amenewo sabata yathunthu, padi ikungosuntha uku ndi uku poti ndi otaya.

Choncho gulani ofika pamchombo, amene timawaseka kuti ndi a agogo aja. Mukachira bwino agwira padi mwamphamvu, mukapita ku mpeni adutsa pamwamba pa bala. Simudziwa njira imene mwana adzasankhe. Komanso musaganize kuti a opaleshoni sataya magazi kumusi, amatuluka chimodzimodzi, ine zinandidabwitsa.

Mzamba wopuma:

Mwana wanga, anzakowa akuuza zoona, sindibwereza. Ine ndilankhulepo za apongozi ako, chifukwa ndaona ena akufuna kuwaseka. Nsalu si mdani. Amayi ambirimbiri amene ndinawachiritsa ankagwiritsa ntchito zidutswa za chitenje ndipo ali moyo mpaka lero, ena ndi agogo. Vuto la nsalu ndi kumene timaiyanika. Chifukwa cha manyazi timaichapa mobisa, n'kuiyanika kuseri kwa chitseko kapena pansi pa matiresi, ndiye imavalidwa isanaumitse. Munthu amene wangochira, njira ikadali ndi zilonda ndipo khomo la chiberekero silinatsekeke bwino, nsalu ya chinyontho ndiyo imabweretsa matenda. Ichapidwe ndi sopo, itsukuluzidwe bwino, iyanikidwe padzuwa lenileni. Ngati mukuopa maso a anthu, phimbani ndi kansalu kopyapyala pachingwe pomwepo. Ikauma isitidwe ndi simbi yotentha, makamaka nyengo ya mvula pamene ntchentche zija zimaikira mazira pa zovala zonyowa, mphutsi n'kulowa pakhungu. Mapantinso chimodzimodzi.

Thonje limene wagulalo usaliike lokha pathupi. Limanyenyeka, tiulusi take timakanirira pa chilonda ndi pa zosoka. Ukafuna kuligwiritsa ntchito, likulunge kaye m'kansalu koyera.

Koma masiku oyambirira ine ndimakonda padi pa chifukwa china: imationetsa kuchuluka kwa magazi. Pa chitenje chamaluwamaluwa chofiira sungadziwe kuti wataya ochuluka bwanji. Magazi a uchembere amayamba ofiira ndi ambiri masiku atatu kapena anayi, kenaka amasanduka ofiirira motuwa, pofika masiku 10 kapena kupitirirapo pang'ono amakhala achikasu kapena oyererako, ndipo amatha kupitirira pang'onopang'ono mpaka masabata 6. Ukamayamwitsa mimba imapota ndipo amatuluka ambiri pang'ono, chimenecho ndi chiberekero chikubwerera m'malo mwake. Ukagona nthawi yaitali amasonkhana, n'chifukwa chake mnzako wa ku Zomba anaona zimene anaona atadzuka.

Zimene usadikire nazo kuti kuche ndi izi. Padi yaikulu ikamadzaza pasanathe ola limodzi, ukamatulutsa zibuluma zazikulu ngati dzira la nkhuku, ukamva chizungulire kapena mtima kuthamanga, thupi likatentha, kapena zotulukazo zikayamba fungo loipa, bwerera kuchipatala nthawi yomweyo, kaya ndi 2 koloko usiku. Kutaya magazi ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimapha amayi ambiri ochira kumene, ndipo kumachita msanga. Apongozi akowo uwauziretu zimenezi lero, chifukwa tsikulo iwo ndi amene adzakhale maso iwe uli wotopa.

Mkati usalowetsemo kalikonse mpaka masabata 6 atakwana ndipo akuona kuchipatala. Matamponi, timapadi tolowetsa mkati tija, ayi, mankhwala a zitsamba oti abweze njira ayi. Samba m'manja usanasinthe padi ndiponso ukasintha, ndipo popukuta uziyambira kutsogolo kupita kumbuyo. Ngati wasokedwa, potaya madzi uzithira madzi ofunda ndi kapu, kuwawa kumachepa.

Mlendo ku Johannesburg:

Kuno amagulitsa mapanti a ukonde ovala n'kutaya, ndinawagwiritsa ntchito masiku awiri oyamba, ndi opepuka ndipo simuvutika n'kuchapa. Koma ndisakunamizeni, si chinthu choti mudandaule mukachisowa. Tsiku lachitatu ndinabwerera ku a agogo omwewo. Chimene chinandithandiza kwambiri ndi thewera la akuluakulu usiku woyamba kunyumba, ndinagona osaopa matiresi a eni nyumba. Kumudziko pepala lakuda lija musalitaye mukatuluka m'chipatala, litsukeni, muliyale pansi pa chitenje.

Mayi wa atatu, Zomba:

Ndinaiwala: tengani majumbo ang'onoang'ono angapo okulungira mapadi ogwiritsa ntchito, ndi jumbo ina ya mapanti akuda oti akachapidwe. Ndipo bambowo musawatume okha. Anga ndinawatuma mapadi a uchembere, anabwera ndi timapantilaina, timapadi tating'ono topyapyala tija, akuti wogulitsa anali mtsikana ndiye sanathe kufunsa. Boma linachotsa msonkho pa mapadi mu 2022, koma manyazi a azibambo palibe anawachotsa.

Woyembekezera wa ku Area 25:

Zikomo kwambiri nonse, makamaka amayi azamba. Ndawawerengera apongozi zimene mwalemba. Poyamba anangoti "hmm", koma pamene ndinafika poti nsalu si mdani anakhala bwino pampando n'kunena kuti ndipitirize. Tagwirizana kuti kuchipatala ndi sabata yoyamba ndi mapadi, zidutswa zawo zidzagwira ntchito magazi akachepa, ndipo kusita akuti ndi kwawo, simbi ya makala abwera nayo. Za ola limodzi zija andifunsa kawiri kuti amvetse.

Lero m'mawa tinapita tonse mumsika wa Tsoka. Ndagula mapanti 6 akuda ofika pamchombo, aakulu moti wogulitsa anafunsa ngati ndi a mayi anga. Mapadi a uchembere ndapeza mapaketi awiri okha ku famase, yachitatu akuti ndikayang'anenso Lachisanu. Funso lina laling'ono: mapanti atsopanowa ndiwachape kaye ndisanawaike m'chikwama, kapena alowe momwemo ndi pepala lawo?

NaPhiri wa ku Ndirande:

Achapeni, muwasite. Adutsa m'manja ambiri pamsika paja.